Dzimbiri la M'kamwa: Gawo Lachiwiri

Aliyense amene adadulapo peyala nkulisiya pambale amadziwa kuti posakhalitsa limada, koma likathiridwa madzi a ndimu limachedwa kutero. Chimene chimadetsa peyalalo ndi mpweya wa okosijeni, womwewo umene umadyetsa dzimbiri malata a ku Ndirande. Chimene ambiri sadziwa nchakuti dzimbiri lamtundu womwewo limagwiranso nkhama za munthu.

Zimachitika motere. Zotsalira za chakudya zikakhalitsa m'mphepete mwa mano, tizilombo timaswana pamenepo. Tsono thupi limatumiza asilikali ake a m'magazi, amene amapha tizilomboto potulutsa tinthu taukali tochokera ku okosijeni. Nkhondoyi ikakhala ya masiku owerengeka palibe choipa. Koma mano akakhala osatsukidwa bwino kwa miyezi ndi zaka, tinthu taukalito timachuluka nkuyamba kudya nkhama zomwe pamodzi ndi fupa logwira dzino, monga moto wosakira mbewa umene umakathera pankhokwe. Akatswiri amatcha zimenezi oxidative stress. Zozimitsa motowo ndi ma antioxidant. Ena mwa iwo thupi limapanga lokha ndipo amapezeka m'malovu, pamene ena, monga vitamini C, limawalandira kuchokera ku chakudya.

Masiku ano mawu akuti antioxidant alembedwa pamabotolo a mapiritsi m'masitolo a mankhwala mumzinda wa Blantyre ndi ku Limbe, ndipo anthu amene akutuluka magazi potsuka mano akutaya ndalama zambiri powagula. Kodi nkofunikadi kutero? Ayi ndithu, pokhapokha atalamula ndi dokotala. Chitetezo chenichenicho chayalidwa pansi mumsika wa Limbe, pamtengo umene ngakhale mlonda wa ku Bangwe angaukwanitse.

Nzeru imeneyi njakale. M'chaka cha 1747, dokotala wa ku Scotland, James Lind, adapatsa malalanje ndi mandimu amalinyero amene nkhama zawo zinkawola ndi chiseyeye, ndipo iwo adachira msanga. Lero zikudziwika kuti popanda vitamini C thupi silingathe kulimbitsa minofu ya nkhama. Akatswiri a ku America amati mwamuna amafunika mamiligalamu 90 a vitaminiyu patsiku, mkazi 75. Gwafa lolemera magalamu 100 lili ndi mamiligalamu oposa 200, pamene lalanje lolemera chimodzimodzi lili ndi 50 kapena kuposerapo pang'ono. Gwafa litatha kumabwera manachesi a ku Mwanza, kenaka malambe, kenaka mango. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Komanso mapiritsi sakhala abwino nthawi zonse. M'chaka cha 1994 kudatuluka zotsatira za kafukufuku wa ku Finland wokhudza amuna osuta fodya oposa 29,000. Amene ankamwa mapiritsi a beta-carotene, yemwe ndi antioxidant, adadwala khansa ya m'mapapo kuposa anzawo amene sankamwa. Chimene chimathandiza chikakhala m'karoti kapena m'dzungu chingathe kupweteka chikaunjikidwa m'botolo.

Chomvetsa chisoni nchakuti ngakhale chitetezo chotsika mtengochi chimawonongedwa panyumba pomwe. Bonongwe, chisoso ndi nkhwani zikathiridwa soda kapena chidulo nkuwiritsidwa kwa nthawi yaitali, vitamini C wambiri amatha mphika usanaphulidwe. Tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje alinso ndi ma antioxidant, koma akathiridwa masupuni anayi a shuga amasanduka phwando la tizilombo tobowola mano. Ndipo pazipata za sukulu za ku Zingwangwa ndi Chilomoni, mwana amapitirira mayi wogulitsa nthochi nkukaima pa maswiti ndi mafilizi.

Fodya ndiye amakoleza moto kotheratu. Utsi wake umadza ndi tinthu taukali tambirimbiri, kotero kuti wosuta amafunika mamiligalamu 35 a vitamini C oonjezera tsiku lililonse. Choopsa china nchakuti fodya amachepetsa kutuluka kwa magazi m'nkhama, motero matenda amabisala mpaka mano atayamba kugwedera. Chakudza sichiimba ng'oma. Fodya akaphatikizana ndi kachasu, ngozi ya khansa ya m'kamwa imakula kwambiri.

Komabe pasakhale wonamizidwa kuti zipatso zingalowe m'malo mwa mswachi. Gwero la motowo ndi litsiro la pamano, ndipo liyenera kuchotsedwa kawiri patsiku ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride. Likauma nkukakamira, ndi ogwira ntchito za mano okha, monga a ku chipatala cha Queen Elizabeth, amene angalipale.

Dziko la Malawi lidayamba kuphunzitsa madokotala ake a mano ku Blantyre m'chaka cha 2019, ndipo m'chaka cha 2022 lidakhazikitsa ndondomeko ya umoyo wa m'kamwa. Zimenezi nzoyamikika, koma madokotalawo ndi ochepa poyerekeza ndi odwala. Choncho udindo waukulu uli ndi makolo ndi aphunzitsi. Sukulu iliyonse yokhala ndi kabwalo ibzale mitengo ya magwafa ndi mapapaya, masamba aziphikidwa kanthawi kochepa popanda soda, ndipo ndalama ya maswiti izigula chipatso. Dzino la munthu wamkulu likazulidwa silimeranso.

Gawo lotsatira lidzafotokoza za matenda a shuga ndi mmene amafooketsera nkhama.