Khutu la Mphunzitsi wa Cinyanja Lifunika Kupumula ku Foni

Cida cacikulu ca mphunzitsi wa cinenero ndi khutu lace. Mwa ici ndifuna kulangiza wophunzira uphunzitsi ali yense amene atumizidwa kukayeserera nchito kumudzi kuti ayambe wapumula ku WhatsApp ndi Facebook kwa milungu iwiri yoyamba.

Titenge citsanzo ca dera la Mfumu Chikomeni, pafupi ndi nkhalango ya Lukusuzi, limene linali mbali ya boma la Lundazi kufikira 2018 pamene linalowa m'boma latsopano la Lumezi. Cinyanja ndico cinenero ca m'Zambia cimene ciphunzitsidwa m'sukulu m'Cigawo ca Kum'mawa, koma ana a kumeneko afika m'kalasi ndi Cicewa ca kwao, ndipo ena amva Citumbuka kuposa Cinyanja ca m'mabuku. Mphunzitsi amene sadziwa mau amene mwana abwera nao sangathe kumtsogolera ku mau olembedwa. Mauwo amveka pacitsime, pacigayo, pamaliro ndi pabwalo madzulo. Amene maso ace ali pafoni nthawi imeneyi aphonya phunziro lace lomwe.

Cinanso, Cinyanja ca m'mauthenga a pafoni ncodukaduka, cosakanizika ndi Cingerezi, ndipo cilibe malamulo a kalembedwe. Dzanja lozolowera kulemba motero silicedwa kucita comweco pabolodi, ndipo ana 60 akopera colakwaco m'makope ao.

Ena adzati foni ithandiza: aphunzitsi atumizirana mapulani a maphunziro, ndipo munthu ali kutali ndi kwao afuna kumva za abale. Izi nzoona, ndipo sindinena kuti foni itayidwe. Kuimba ndi kulandira ndalama kupitirire. Ena adzakumbuka tsiku la masankho la 12 Ogasiti 2021, pamene WhatsApp, Facebook ndi Twitter zinatsekedwa m'Zambia, kufikira bungwe la Chapter One Foundation litadandaula ku khoti lalikulu, limene linalamula bungwe la ZICTA kuti lizitsegule. Kumeneko kunali kulanda anthu ufulu wao. Kupumula kumene ndinena ine munthu asankha yekha, ndipo adziikira yekha malire.

Nthawi yopulumutsidwayo igwire nchito motere. Wophunzira akhale ndi kope laling'ono. Tsiku liri lonse alembemo mau 10 amene wamva kwa ana kapena kwa makolo ao, pamodzi ndi ciganizo cimene mauwo anatulukiramo. Apemphe agogo amuuze nthano, miyambi ndi zirapi, ndipo afunse maina a mbeu, mitengo ndi nyama za m'deralo. Pakutha milungu iwiri adzakhala ndi mau 140 ndi nthano zingapo zophunzitsira kuwerenga, zimene ana adzazindikira kuti nzao.

Akabwerera ku foni pambuyo pace, adziikire ora limodzi patsiku, atatha kukonza maphunziro a mawa. Makolo aona mphunzitsi amene akhala nao pansi ndi kumvetsera, ndipo kwa wotereyo ndiye atumiza ana ao mosakayika.