DOKO LA LUANGWA NDI ALENDO A PA MADZI

Anthu okhala ku Parklands mu mzinda wa Kitwe amaudziwa bwino mtsinje wa Kafue, koma ambiri a iwo sanaonepo kumene madzi ake amapita. Kafue amathira mu Zambezi, ndipo Zambezi polowa m'dziko la Mozambique amalandira mtsinje wa Luangwa. Pa mathiriro amenewa ndi pamene pali Boma la Luangwa, limene kale linali kuchedwa Feira, ndiko kuti msika m'cinenero ca Apwitikizi.

Mlendo wocokera ku Migodi amapyola mu Lusaka, natsata mseu wa Great East, napatukira kum'mwera asanaoloke ulalo wa Luangwa. Atafika pa doko ndi kukwera ngalawa ya injini, m'kanthawi kocepa amaona maiko atatu. Kumbuyo kwake kuli Zambia, tsidya la Luangwa kuli Zumbo wa ku Mozambique, tsidya la Zambezi kuli Kanyemba wa ku Zimbabwe. Wofuna kutsika tsidya linalo ayenera kuyamba waonetsa makalata ake a ulendo kwa akuluakulu a pa malire.

Malo amenewa ali ndi mbiri yaitali. Apwitikizi anali kugula minyanga ya njobvu, golide ndi akapolo ku Zumbo. David Livingstone atafikako mu January 1856 anapeza mabwinja a chalichi ndi belu losweka. Mu March 1978 asilikali a Rhodesia anaponya mabomba pa Kavalamanja m'boma lomweli, ndipo anthu anataya miyoyo.

Comvetsa cisoni ndi cakuti mlendo angathe kuyenda pa madzi tsiku lonse, kujambula mvuu ndi ng'ona, nabwerera kwao osasiya ngwee m'mudzi. Eni dziko ndiwo ayenera kukonza zimenezi. Amai ayale nsomba zouma pa thandala laukhondo, oluka aike madengu ndi mphasa pafupi ndi doko, ndipo akulu a Cikunda ndi a Cinsenga asimbe mbiri ya makolo ao. Oyendetsa ngalawa asalonge anthu kupyola muyeso, ndipo aliyense wokwera abvale covala coyandamitsa, pakuti ngozi imodzi yokha ingathe kuopsa alendo kwa zaka zambiri.

Akale anati mlendo ndi mame. Amene walandiridwa bwino ku Luangwa adzakasimba ku Kitwe, ndipo caka camawa adzabwera ndi anzake.