Mapanga Awiri Avumbwitsa

Adzukulu anga, ndi inu nonse okonda miyambo yathu, lero ndikutsutsa chizolowezi chimene achinyamata athu, ngakhale a kuno ku doko la Nkhata Bay, akuchisirira pa intaneti. Munthu amasewera mpira wa pa kanema pa PlayStation kapena Xbox, n'kumaulutsa masewerawo pompopompo pa YouTube, pa Twitch ndi pa Facebook nthawi imodzi. Ena akuti chimenechi ndi chitukuko. Ine ndikuti ndi kupanda ulemu kwa alendo, ndiponso masamu ake ndi olakwika.

Masewerawo sindikudana nawo ayi. Kusewera bawo nakonso sikukoma popanda oonerera. Koma oonerera bawo amakhala pabwalo limodzi. Wina akaponya nthabwala onse amaimva, wina akadzudzula kaseweredwe onse amaikapo mlomo, ndipo mkulu akafika amapatsidwa moni ndi mpando.

Tione mmene kuulutsaku kumayendera. PlayStation 5 payokha imalola munthu kusankha Twitch kapena YouTube, kumodzi basi. Wofuna kuonekera konsekonse amagula kachipangizo kotengera zithunzi za masewerawo kupita pa kompyuta, kapena amadzera ku makampani onga Restream, amene amalandira kanema mmodzi n'kumugawira masamba ambiri. Twitch, imene Amazon idagula mu 2014, inkaletsa oulutsa amene idachita nawo mgwirizano kuonekera pa masamba opikisana nayo nthawi imodzi, koma mu 2023 idachotsa chiletsocho. Chitseko chatseguka, inde, koma si chitseko chilichonse chotseguka chimene munthu wanzeru amalowapo.

Tsamba lililonse lili ndi malo ake olembapo oonerera. Wa pa YouTube akalemba moni, wa pa Facebook sauona. Woulutsayo, maso ali pa mpira, manja ali pa mabatani, amayankha funso la pa Twitch, ndipo enawo amangomva yankho la funso limene sadalimve. Kodi pakhomo panu mungaike alendo m'nyumba zitatu, inu n'kuima pakati pa bwalo kumakuwa kuti "Takulandirani"? Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Amene walemba moni kawiri osayankhidwa sabweranso.

Tsopano masamu. Kanema wooneka bwino, woyenda pa mamegabiti 6 pa sekondi, amadya pafupifupi magigabaiti 2.7 pa ola. Wotumiza yekha kumalo atatu kuchokera pa kompyuta yake amadutsa magigabaiti 8 pa ola limodzi lomwelo. Funsani amene amagula bandulo ya Airtel kapena TNM kuti ndalama yake ndi usipa wochuluka bwanji. Nanga phindu? Kuti YouTube iyambe kugawira munthu ndalama za otsatsa malonda pa makanema aatali, imafuna omutsatira 1,000 ndi maola 4,000 oonera m'miyezi 12. Maola amene anthu akuonerani pa Twitch sawerengedwa kumeneko. Tiyerekeze kuti muli ndi oonerera 15. Mukawagawa patatu mwatsala ndi timagulu ta anthu 5, ndipo paliponse mukuoneka ngati munthu wolankhula yekha. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Otsutsa anena kuti, "Aphunzitsi, masambawa amafa, Microsoft idatseka Mixer mu 2020, ndipo amene adadalira kumeneko adasowa pogwira." Zoona zimenezo. Koma bwalo likagwa, amene amakutsata kumalo atsopano ndi anthu amene unkawadziwa mayina, unkawayankha, unkafunsa za moyo wawo. Wongodutsa sasamuka nawe. Chitetezo chenicheni ndi ubale, osati kuchuluka kwa masamba. Ndipo palibe choletsa kudula tizigawo tokoma ta masewerawo n'kukatiika pa masamba ena pambuyo pake, ngati mmene munthu amatumizira achibale akutali chiuzo cha mwambo.

Phunzirani kwa Ilala. Sitimayi idayamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951, ndipo yatumikira anthu kuyambira ku Monkey Bay mpaka ku Chilumba. Sinaimepo ku Likoma ndi ku Nkhata Bay nthawi imodzi. Ikafika pano imakhala ya pano: otsika atsike, matumba a chinangwa akwere, achibale atsazikane. Ikatero imanyamuka kupita ku Usisya. Madoko onse amaikhulupirira chifukwa lililonse limalandira nthawi yake yonse.

Choncho, mdzukulu wanga, ngati uli ndi luso la masewerawa, sankha bwalo limodzi. Uike tsiku ndi ola lodziwika, usaphonye, ndipo lisawombane ndi nthawi yowerenga. Wofika umulonjere ndi dzina lake. Amene ali m'nyumbamo uwauze kuti maikolofoni yatsegulidwa, pakuti nkhani za agogo ako si za dziko lonse. Bwalolo likadzakula, udzapeze mnzako wokuthandiza kulandira alendo usanaganize zotsegula lina. Wothamangira mapanga awiri mvula ikugwa amagona atanyowa.