Khanda Lidasankha Liti?

Kwathu kwa Kanduku ndidakangana ndi mkulu wina wa mpingo woletsa katemera. Akuti kupita kuchipatala n'kukayikira Mulungu. Komatu bambo yemweyu, mitengo yake ya manachesi ikagwidwa ndi tizilombo, sagwada patsinde. Amathamangira pa Mwanza boma kukagula mankhwala. Nachesi ndiye woyenera nzeru, mwana ayi?

Chikuku cha mu 2010 chidapha anthu oposa 300 m'Malawi muno. Inenso ndine Mkhristu, ndipo ndikukana kwamtuwagalu zoti amene adatipatsa ubongo amakwiya tikaugwiritsa ntchito. Ufulu wosankha ulipodi, abambo. Kanani jekeseni pathupi panupo, sitikuletsani. Koma khanda lili kumbuyo kwa mayi akelo lidasankha liti kufera chikhulupiriro chanu?