Musathamangire kunena kuti ndi nyamakazi

Mayi wina wa ku Bembeke, m'boma la Dedza, watilembera kuti chiuno chakhala chikumupweteka kwa miyezi inayi, mbali imodzi, pamwamba pa thako. Akuti ululuwo umatsikira kuntchafu. Bulufeni wamwa, mphini atema, koma palibe chosintha. Anzake akuti ndi chisanu cha ku Dedza basi.

Mayi, ndi inu nonse muli ndi vuto lotere, gwirani kumbuyo pamene pali timaenje tiwiri m'munsi mwa msana. Pamenepo ndi pokumanira fupa la m'munsi mwa msana ndi mafupa a chiuno. Mfundo imeneyi ikatupa, madokotala amati sacroiliitis. Dzinalo likungonena kuti patupa. Chofunika n'kudziwa chatupitsa.

Kawirikawiri ndi ntchito: kusenza matumba a mbatatesi pamtsetse, kugwa panjinga, kapena uchembere, poti mimba imafewetsa mitsempha yomanga chiuno. Ululu woterewu umakula mukagwira ntchito, n'kuchepa mukapuma.

Koma pali wina wochita zosemphana. Umakudzutsani mbandakucha, m'mawa msana uli gwa kupitirira mphindi 30, ndipo umayamba kumasuka mukayendayenda. Ukayamba munthu asanakwane zaka 45, dokotala amaganizira nyamakazi ya msana yotchedwa ankylosing spondylitis. Nthawi zina mfundoyi imatupa patapita masabata angapo munthu atatsegula m'mimba kapena atadwala matenda opatsirana pogonana. Izi musabise kuchipatala, manyazi sachiza.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi TB. Ambiri timaidziwa ngati chifuwa chachikulu, koma imalowanso m'mafupa, munthu osatsokomola n'komwe. Ngati mukuwonda, thupi likutentha madzulo, usiku thukuta kamukamu, musadikire. Alimi a ng'ombe, palinso matenda a brucellosis omwe amabwera pomwa mkaka wosawiritsa kapena pothandiza ng'ombe kubereka ndi manja opanda magolovesi. Nawonso amakonda mfundo yomweyi.

Pitani pachipatala chachikulu cha Dedza. Akakugonekani, n'kupinda mwendo ndi kukanikiza chiuno kuti aone ngati ululu ukuchokeradi pamenepo, osati m'msana kapena m'nyonga. Akhoza kuyeza magazi, HIV ndi TB, komanso kujambula. Dziwani kuti X-ray imatha kutuluka yabwinobwino matenda akangoyamba kumene, choncho ululu ukapitirira bwererani. Zikavuta akhoza kukutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Popita, kumbukirani mwezi umene zinayamba, nthawi imene ululu umakula, ndi mankhwala onse amene mwamwa, a zitsamba omwe. Bulufeni ndi indosidi wa tsiku ndi tsiku amayambitsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso, ndipo woyembekezera asamwe popanda kuuzidwa ndi adokotala. Ikapezeka kuti ndi TB, mankhwala ake ndi aulere m'zipatala za boma, koma muyenera kumwa miyezi yonse imene akuuzeni ngakhale chiuno chitasiya kupweteka.