Makompyuta Akale Asamangogona M'chipinda cha Katundu

Kwathu ku Makanjira, kutsidya la kum'mawa kwa nyanja m'boma la Mangochi, chinthu chikawonongeka sichipita msanga kwa mmisiri. Ulendo wa ku Mangochi ngwautali, ndipo nthawi ya dzinja msewu wake umatopetsa. Pasukulu ya sekondale imene ndinaphunzira, makompyuta amene tinalandira kuchokera kwa akufuna kwabwino ankangokhala m'chipinda cha katundu atafunditsidwa nsalu. Ankati anatha. Ife kiyibodi tinkaijambula m'kope ndi pensulo.

Ine ndikuti makompyuta otere sanathe. Chimene chinatha ndi Windows XP, imene kampani ya Microsoft inasiya kuisamalira mu 2014. Windows 11 imafuna RAM yosachepera 4 GB, pamene makina ngati aja ambiri ali ndi 512 MB kapena kucheperapo. Bwato la munthu mmodzi mukalisenzetsa katundu wa boti limamira, koma vuto si bwatolo.

Pali mapulogalamu ena oyendetsa kompyuta, opepuka ndiponso aulere, ochokera ku Linux imene Linus Torvalds anayamba mu 1991. Puppy Linux, imene Barry Kauler wa ku Australia anatulutsa mu 2003, imakwana pa fulashi. Kompyuta ikayaka, pulogalamuyi imatha kulowa yonse mu RAM, kotero kuti ngakhale hard disk itafa, mwana angathe kutaipa kalata ndi AbiWord kapena kuwerengetsa masamu ndi Gnumeric. Ina, antiX, imayenda ngakhale pa 256 MB.

Ena amatsutsa kuti olemba ntchito amafunsa Word ndi Excel. Nzoona. Komatu wophunzira amene zala zake zazolowera kiyibodi, wodziwa kusunga fayilo ndi kuipezanso, sangatenge sabata kuti azolowere Word. Amene anangoijambula m'kope ndiye amayamba kunjenjemera akaiona. Ndivomerenso kuti masamba a intaneti a masiku ano ngolemera, ndipo YouTube pa makina otere imakwawa ngati kamba. Makompyuta akale amadyanso magetsi ambiri, chinthu chovuta pasukulu yodalira sola.

Ngakhale zili choncho, chimene chinasowa pasukulu pathu chinali chochepa: fulashi imodzi ndi mphunzitsi mmodzi wodziwa kuyatsa kompyuta kuchokera pa fulashiyo. Makoleji ophunzitsa aphunzitsi angathe kuphunzitsa lusoli masana amodzi, aphunzitsiwo asanatumizidwe kumadera ngati kwathu.