Gogodera: mfuti yopanda nambala yomwe ikusautsa Nyika ndi Vwaza

Nkhani ya mfuti ikabuka m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, maganizo a ambiri amathamangira ku AK-47 ndi pisitolo, zida zomwe mbava zimagwiritsa ntchito pothyola masitolo ndi kulanda ndalama anthu ochita malonda. Mantha amenewa ali ndi maziko. Koma m'boma la Rumphi, komwe midzi yambiri idachita malire ndi nkhalango za Nyika ndi Vwaza, chida chomwe alonda a nyama zakutchire amalanda kawirikawiri, pambali pa misampha ya waya, ndi gogodera, mfuti yosulidwa kumudzi yomwe amaithira onga chakukamwa.

Ambiri amaiderera mfutiyi kuti ndi yachikale, ya agogo. Chonsecho ndi iyo yomwe ikuonetsa poyera pomwe pali mpata m'kayendetsedwe ka malamulo a mfuti m'dziko muno. Njira zomwe boma limadalira, monga chilolezo, kaundula ndi nambala yodindidwa pachitsulo, zidakonzedwera mfuti yochokera kufakitale. Gogodera sadutsa pachipata cha dziko, sagulidwa m'sitolo, ndipo alibe nambala yoti wapolisi n'kuilondola.

Kuopsa kwa mfuti kuli pawiri

Pokambirana za mitundu ya mfuti, anthu amakonda kuyeza kuopsa kwake poona kuchuluka kwa zipolopolo zomwe imalavula. Tikatero, palibe yopikisana ndi AK-47. Mfutiyi, yomwe adaikonza Mikhail Kalashnikov m'dziko la Soviet Union m'chaka cha 1947, imanyamula zipolopolo 30 nthawi imodzi ndipo imatha kuzitulutsa zonse m'masekondi ochepa. Siifa wamba ngakhale itakhala m'fumbi kapena m'matope, n'chifukwa chake zina mwa zomwe zidagwira ntchito pankhondo zaka 40 zapitazo zikulirabe lero.

Pisitolo ndi yoopsa mwa njira ina: imabisika m'thumba, moti munthu amalowa nayo mu minibasi kapena mumsika popanda wozindikira. Mfuti za mtundu wa shotgun, zomwe ambiri amazidziwa ndi dzina loti Greener, zimamwaza tizitsulo tambirimbiri ndipo zimavulaza koopsa chinthu chikakhala pafupi. Pali kenaka mfuti zikuluzikulu za ulenje, zomwe chipolopolo chake chimodzi chimagwetsa njovu.

Pamndandanda woterewu gogodera amakhala kumapeto. Amaomba kamodzi, kenaka mlenje ayambe wathiranso onga ndi kutsendera, ntchito yotenga nthawi. Safika patali ndipo salunjika bwino. Komatu kufooka komweku ndiko gwero la ngozi zake.

Choyamba, mpope wake sudapangidwe kuti upirire mphamvu ya onga ndipo palibe adauyesa, motero umatha kuphulikira mwini wake m'manja kapena kumaso. Chachiwiri, gogodera amavulaza kwambiri kuposa kupha. Njati kapena njovu yomwe yatsala ndi chitsulo m'thupi imakhala yolusa, ndipo amene amakumana nayo mawa lake nthawi zambiri si mlenje uja, koma mayi wopita kudimba kapena mwana wopita kusukulu. Chachitatu, mlonda wa m'nkhalango akaona munthu wanyamula mfuti m'mbandakucha alibe mpata wofunsa kuti ndi yamtundu wanji. Iye amadziwa kuti chitsulo chochokera mu gogodera chimapha munthu ngati chipolopolo china chilichonse, ndipo apa ndi pomwe kuomberana kumayambira.

Tsono funso loti mfuti yoopsa kwambiri ndi iti lili ndi mayankho awiri. Ina ndi yoopsa chifukwa cha mphamvu zake, ina chifukwa chopezeka mosavuta ndi kusalondoleka. Ku Rumphi, yankho lachiwirili ndilo lili pakhomo.

Mfuti, minyanga ndi mbiri ya derali

Ubale wa mfuti ndi nyama zakutchire kumpoto kuno udayamba kale. Ufumu wa Chikulamayembe, womwe likulu lake lili ku Bolero, udakhazikitsidwa ndi Mlowoka, yemwe adaoloka nyanja kudzachita malonda a minyanga ya njovu m'chigwa cha Nkhamanga. M'zaka za m'ma 1800, amalonda a minyanga ndi akapolo adadzaza mfuti zothira onga chakukamwa m'chigawo chonse cha nyanja. Ku Karonga, Mlozi adamanga malinga ake podalira mfuti zoterezi mpaka pomwe adagonjetsedwa ndi kunyongedwa mu December 1895. Pangano la ku Brussels la 1890 lidayesa kuchepetsa mfuti zolowa mu Africa, koma luso lozikonza ndi kuzisula lidali litakhazikika kale m'midzi.

AK-47 idabwera mochedwa komanso kudzera njira ina. Nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, kuyambira 1977 mpaka 1992, idasiya zida zankhaninkhani zomwe zina zidaoloka malire athu aatali ndi osatetezeka mokwanira. M'dziko momwe muno, mu December 1993, asilikali a nkhondo adalanda zida gulu la Malawi Young Pioneers pa ntchito yomwe idatchedwa Operation Bwezani, apayoniya atapha asilikali awiri mumzinda wa Mzuzu. Apayoniya ambiri adathawira ku Mozambique ndi zida zawo.

Mbiri ziwirizi zikusonyeza kuti mavuto ake ndi osiyana. Mfuti yankhondo imachita kulowa, choncho mankhwala ake ali pamalire, paukazitape ndi pachitetezo cha nkhokwe za zida za boma. Gogodera amabadwira pamudzi pomwepo. Mukalanda mmodzi lero, wina akhoza kusulidwa sabata yamawa, bola chifukwa chomufunira chikadalipo.

Zomwe malamulo akunena

Lamulo lalikulu loyendetsa nkhani za mfuti m'dziko muno ndi Firearms Act la m'chaka cha 1967. Limaletsa kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo popanda chilolezo, ndipo kaundula wa mfuti ali m'manja mwa apolisi. Lamuloli lidalembedwa patangotha zaka zitatu dziko litalandira ufulu wodzilamulira, nkhondo ya ku Mozambique isadayambe komanso malonda a nyanga za chipembere ndi mamba a ngaka asadafike pomwe afika lero.

Mbali ya nyama zakutchire ndiyo idayenda msanga. Kulowa ndi chida m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo kuchokera pomwe lamulo la National Parks and Wildlife lidasinthidwa mu 2017, wopezeka wolakwa pa milandu yokhudza nyama zotetezedwa kwambiri, monga njovu ndi chipembere, akhoza kukaseweza zaka zofika 30. Mano a lamuloli adaoneka mu September 2021 pomwe bwalo la milandu ku Lilongwe lidagamula Lin Yunhua, nzika ya ku China, kuti akakhale kundende zaka 14 pa mlandu wokhudza nyanga za chipembere.

Palinso pangano la maiko a SADC loona za mfuti ndi zipolopolo, lomwe atsogoleri adasainira mumzinda wa Blantyre mu August 2001. Panganoli limalimbikitsa kudinda zizindikiro pamfuti, kusunga kaundula wodalirika, kuononga mfuti zolandidwa komanso kupereka mwayi woti anthu abweze okha mfuti zosaloledwa. Mfundo zoyambirirazo zimathandiza pa mfuti za kufakitale. Pa gogodera, yothandiza kwambiri ndi yomalizayi, ndipo ndi yomwe imafuna kuti anthu akhale ndi chikhulupiriro mwa boma.

Mbali ziwiri za mtsutso

Oteteza zachilengedwe ali ndi mfundo yomveka. Nyika ndi nkhalango yaikulu kuposa zonse m'dziko muno, yoposa masikweya kilomita 3,000, ndipo ntchefu, chilembwe ndi mbidzi zake ndizo zimakopa alendo ku Chilinda. Mapiri ake ndi gwero la mitsinje yomwe anthu akumpoto amadalira. Vwaza, yomwe idachita malire ndi Zambia, imasunga njovu, njati ndi mvuu za panyanja ya Kazuni. Mu 2017 njovu 34 zidasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Nyika, ndipo mu 2023 boma lidasainirana ndi bungwe la Peace Parks Foundation mgwirizano wa zaka 20 woyendetsera limodzi nkhalango ziwirizi. Ndalama ndi khama lonseli zingapite pachabe ngati mfuti zikulirabe m'nkhalangomo. Iwo amakumbutsanso kuti ulenje wambiri masiku ano si wa ndiwo zapakhomo chabe: nyama yowamba imatuluka m'nkhalango kukagulitsidwa m'misika ndi m'matauni.

Nawo anthu a m'midzi yozungulira ali ndi yawo. Pomwe boma lidakulitsa Nyika mu 1978, mabanja ambiri adasamutsidwa pamalo a makolo awo, ndipo chilonda chimenecho sichidapole mwa ena. Mlimi wa ku Hewe kapena kufupi ndi Kazuni amatha kutaya chimanga cha chaka chonse usiku umodzi njovu zikalowa m'munda, osanenapo za nguluwe ndi anyani omwe amadya tsiku ndi tsiku. Boma silipereka chipukutamisozi pa mbewu zoonongedwa ndi nyama. Anthu omwewa ndiwo amalumidwa ndi ntchentche za kashembe zochokera ku Vwaza, zomwe zimafalitsa matenda a kaodzera. Kwa munthu wotere, gogodera wobisidwa kudenga ndi mlonda wa munda, ndipo womuuza kuti akamupereke kupolisi ayenera kukhala ndi yankho la funso loti: nanga njovu ikabwera ndidzaitana ndani?

Mbali zonse ziwiri zikunena zoona, koma iliyonse ili ndi pomwe imatsinzina. Amene amati chilango chokhwima n'chokwanira amaiwala kuti kumanga mlenje mmodzi sikuchotsa njala kapena njovu m'munda. Amene amati gogodera ndi wotetezera mbewu basi amaiwala kuti mfuti yomweyo imalowa m'nkhalango usiku, ndipo ikakhala m'nyumba imakhalapo ngakhale tsiku la mkangano wa malo, wa banja kapena wa pamowa.

Konza kapansi kuti kam'mwamba katsike

Ngati cholinga n'chakuti mfuti zichepedi m'midzi ya Rumphi, pali zinthu zinayi zofunika kuyendera limodzi.

Choyamba ndi nyengo yobweza mfuti popanda kuzengedwa mlandu, yolengezedwa momveka bwino ndi yotetezedwa ndi lamulo. Bungwe la African Union lidasankha mwezi wa September chaka chilichonse, kuyambira 2017, kukhala wochita zimenezi. Kumudzi, munthu sangapite yekha kupolisi ndi mfuti m'manja, koma akhoza kuisiya kwa mfumu yake kapena kwa mtsogoleri wa mpingo. Ku Mozambique, Bishopu Dinis Sengulane ndi bungwe la mipingo yachikhristu adayambitsa mu 1995 ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Phunziro lake ndi lakuti munthu amapereka chida akaona choti agwire m'malo mwake.

Chachiwiri ndi kuyankha msanga nyama zikalowa m'midzi. Mpanda wamagetsi womwe udamangidwa m'malire ena a Vwaza umathandiza pokhapokha ukamasamalidwa, ndipo waya wake akabedwa amasanduka misampha. Alonda akamafika usiku womwewo mlimi waimba foni, chifukwa chosungira gogodera chimachepa. Akamafika patatha masiku atatu kudzangolemba lipoti, wosula mfuti sasowa makasitomala.

Chachitatu ndi kulondola ndalama. Wonyamula gogodera ndiye amaoneka, koma kumbuyo kwake kuli womusulira, womugulitsa onga, wonyamula nyama pa njinga yamoto ndi wogula m'tauni. Owerenga ena a tsamba lino adagulapo nyama ya m'tchire ku Mzuzu kapena ku Lilongwe osaganizira kuti ndalama yawo ndiyo ikulipira mfuti yotsatira. Milandu ikamathera pa mlenje wosauka yekha, khoswe weniweni amakhala ali phee pamkhate.

Chachinayi chili m'manja mwa Nyumba ya Malamulo. Dziko likufunika lamulo la mfuti logwirizana ndi nthawi ino, losiyanitsa bwino zilango za wosunga mfuti yankhondo, wosula mfuti zogulitsa ndi wobweza yekha chida chake. Likufunikanso kaundula wa pakompyuta wa mfuti zonse zololedwa, kuphatikizapo za apolisi, za alonda a nyama ndi za makampani achitetezo, komanso dongosolo loti mfuti zolandidwa zizionongedwa poyera milandu ikatha kuti zisabwererenso m'manja olakwika.

Pamwamba pa zonsezi pali nkhani ya phindu. Bungwe la Nyika-Vwaza Association lidakhazikitsidwa kuti anthu ozungulira nkhalangozi azilandirako gawo la ndalama zomwe zimachokera m'menemo ndi kuloledwa kutengamo zinthu monga uchi ndi udzu. Kukula kwa gawolo, ndi kuonekera kwake pamudzi, n'komwe kudzagamule ngati mwana wa ku Thazima adzaone ntchefu ngati ndiwo kapena ngati malipiro a mwezi ndi mwezi.

Mgwirizano wa zaka 20 womwe udayamba mu 2023 udzatha mu 2043. Chiwerengero cha mfuti zolandidwa ndi anthu omangidwa chidzalengezedwa chaka ndi chaka, ndipo n'chofunika. Koma muyeso wabwino koposa wa chipambano udzakhala kuchuluka kwa mfuti zomwe eni ake adzatulutse okha kudenga n'kukazitula pabwalo la mfumu, atakhutira kuti munda wawo uli ndi mlonda wina.